Firiji Yoyaka Moto ya a Zefaniya

A Zefaniya Laimoni anagwirapo ntchito zambiri, koma palibe imene anailowera m'kalasi. Anakhalapo kondakitala wa lole ya mbatata yotsika ku Dambe, anawotchererapo ndowa, kenako anakhala mlonda wa bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kumsasa wa ku Chifunga. Uko ndiko anayamba kukonza mawailesi a anzawo, ena n'kuchira, ena n'kuferatu.

Nkhondo itatha, othawawo anabwerera kwawo ndipo bungwelo linalongedza. Chinatsala ndi kalavani yakale, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ya tayala limodzi lophwa. Poti palibe ankaifuna, anaipereka kwa a Zefaniya powatsanzika. Iwo anapempha thirakitala kuti iikoke mpaka pa Zalewa. Inali 1995, matipate atangoyamba, aliyense akutsegula kabizinesi m'mbali mwa msewu.

M'kalavanimo munali firiji yoyendera gasi kapena batire. Pa Zalewa pamatentha moti mbuzi zimalimbirana mthunzi wa basi, ndiye a Zefaniya anaona mwayi: akazi awo, mayi Chrissy, aziphika thobwa, iwo aziliziziritsa. Vuto linali lakuti makoswe anali atadya mawaya. Atatsegula kumbuyo anapeza mawaya asanu ndi awiri akulendewera, onse ofanana chifukwa cha fumbi.

Anabwereka batire la galimoto, nalumikiza awiri amene anawakomera m'maso. Firiji inangoti zii, koma getsi lachikasu lakumbuyo kwa kalavani linayamba kuphethira. A Gilbert, telala wa pakhonde loyandikana nawo, anaimitsa makina awo.

"Kodi achimwene, mwalowa chipani chachikasu osatiuza?"

A Zefaniya anasinthanitsa mawaya, ndipo panayaka magetsi ofiira.

"Mwabwereranso kwa akale aja," anatero a Gilbert. "Matipate ndi amenewa, eti, munthu kusintha kawiri nthawi ya nkhomaliro isanakwane."

Kachisanu anaupeza waya weniweni, koma firiji inayamwa batire lonse dzuwa lisanapendeke. Basi anakwera basi ya ku Blantyre n'kubwera ndi chibotolo cha gasi. Analumikiza paipi, napaka thovu la sopo polumikizirapo monga ankachitira madalaivala a bungwe lija, kuti aone ngati gasi akutuluka. Kenako anagwada n'kuyatsa kamoto kabuluu pansi pa firiji.

"Bambo a Atikonda," anatero mayi Chrissy ataima pakhomo, "chibadwire sindinaone munthu akuziziritsa thobwa ndi moto."

"Ndi sayansi, mayi. Ikani mabotolowo."

Anadikira masiku atatu. Tsiku lachitatu masana m'firijimo munamveka phu, kenako phu winanso. Atatsegula, thobwa linali litasasa, zivindikiro zitauluka, ndipo kalavani yonse inkanunkha ngati pamowa wa masese. A Zefaniya anali dikoni kutchalitchi kwawo. Manyazi anawagwira ataona amuna awiri osawadziwa atakhala kale pamwala panja, akufunsa ngati chipanda chayamba kuyenda.

Amene anawapulumutsa anali mayi Prudence, namwino wochokera ku Dedza, amene ankadikira galimoto yokwera kumapiri. Fungolo ndi limene linawakokera kumeneko. Iwo anali atasunga katemera m'mafiriji otere kwa zaka zambiri. Sanakhudze waya ngakhale umodzi. Anapempha mbale ya madzi n'kuiika pamwamba pa firiji, ndipo madzi onse anathawira mbali imodzi.

"Mawaya ali bwino, bambo, motonso uli bwino. Koma firiji yotereyi sigwira ntchito itapendekeka. Nyumba yanuyi yagonera kutayala lophwalo."

"Ndimaganiza zomwezo," anatero a Zefaniya. Mayi Chrissy anangowayang'ana.

A Gilbert anasiya buluku lili pamakina n'kudzathandiza kunyamula kalavaniyo ndi mtengo wa bulugamu, mayi Chrissy akulowetsa njerwa pansi, namwino akuyang'ana mbale ndi kulamula kuti awonjezere kapena achotse. Madzi atakhazikika, galimoto imene namwinoyo ankadikira inali itapita kale, ndipo anakwera ina ya makala.

M'mawa mwake m'firiji munali mutachita chipale choyera. A Zefaniya anamwa kapu yoyamba ya thobwa latsopano pamaso pa anthu, ndipo chisanu chinakalasa dzino lawo lobowoka moti anakhala pansi atagwira tsaya, misozi ili mbwee, uku akuseka.

Thobwalo linatchuka mpaka madalaivala a malole a ku Mwanza ankaima dala. Patapita mwezi, a Zefaniya anayamba kunena zolumikizanso wailesi ndi fani pa mawaya otsala aja. Mayi Chrissy anagula loko, natseka chitseko chakumbuyo kwa firiji, kiyi n'kumumangirira pansonga ya chitenje. Kuyambira pamenepo ntchito ya a Zefaniya inali kukhala pampando panja, kufotokozera apaulendo mmene moto umabalira chisanu. Kufotokozako kunkatalika kapena kufupika malinga ndi nthawi imene basi yaima.