Ankhanga Safufuta Mawanga

Ine ndine telala, ndipo makina anga akhala pakhonde limodzi ndi situdiyo ya zithunzi ya Ankhanga kuyambira ndili ndi tsitsi pamutu. Dzina limeneli sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi anyamata a pasiteji ya minibasi, mawanga oyera atayamba kutuluka m'manja mwawo, kenako kuzungulira pakamwa ndi m'maso. Ankafuna kuti mayiyo alire. M'malo mwake anaitana wolemba zikwangwani kuti ajambule nkhanga yonenepa pamwamba pa chitseko, itakoleka kamera m'khosi. Ena mwa anyamata aja lero amabwera kudzajambulitsa ana awo.

Musaganize kuti anabadwa ouma mtima chonchi. Mawangawo atayamba anali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo anadzola chilichonse chimene anauzidwa: masamba, phulusa, mafuta onunkha a m'mabotolo opanda dzina. Mwamuna wawo anayamba kupatula kapu yake, kenako bulangeti, kenako iye mwini. Pamsika anthu ankabweza dzanja popereka moni, ati ndi khate. Dokotala wa khungu ndiye anadzawauza kuti matendawa ndi vitiligo, sapatsirana, sapha, koma a m'manja samva mankhwala kawirikawiri.

"Basi?" anatero Ankhanga. "Ndiye ndakhala ndikulirira chiyani?"

Magolovesi amene ankabisira manja anandipatsa ine kuti ndizipukutira makina.

Ntchito yawo ndi kukongoletsa anthu, ndipo sachita nayo manyazi. Pakompyuta amafufuta ziphuphu, zipsera, ngakhale mimba ya bwana. Ine ndemwe anandibwezera tsitsi pachithunzi cha ukwati wa mwana wanga, mpaka mkazi wanga anafunsa kuti mnyamatayu ndi wa kuchimuna kapena kuchikazi. Koma chithunzi chawo chomwe chili kuseri kwa kauntala sanachikhudze. Mawanga onse alipo.

Chaka chatha kadontho koyera kanatuluka pachikope cha mwana wa mchimwene wawo, mtsikana wa kusekondale amene tinkamutcha Kamphepo chifukwa sankayenda, ankathamanga. Kadonthoko katatsikira patsaya, anzake m'kalasi anasuntha madesiki. Kamphepo anasiya kuthamanga, kenako anasiya sukulu, mayeso ali pafupi. Ankhanga anamutengera kwa dokotala, amene anamupatsa mafuta odzola ndi kunena kuti pankhope pa mwana mtundu wa khungu umatha kubwerera, koma pang'onopang'ono, ndipo sangalonjeze. Mtsikanayo anangomva mawu otsirizawo.

Tsiku lina amayi ake anabwera naye atamugwira padzanja. Kusukulu kunkafunika chithunzi cha pakhadi yolowera m'chipinda cha mayeso. Nkhope ya mwanayo anali ataipaka paudala wochindikala ngati pulasitala wa pakhoma, thukuta likudula mizere. Ndinaimitsa makina, chifukwa ine zotere sizindipita.

"Alamu," anatero mayiyo, "mumujambule, ndiye potsalapo mufufute pakompyuta. Wavomera kukalemba mayeso pokhapokha khadi ikaoneka bwino."

"Sindifufuta," anayankha Ankhanga.

"Mumafufuta za anthu apanjira, nkukana mwana wanu? Si matenda akwanu omwewa? Chikhala ndinadziwa kuti ali m'magazi, bwenzi..."

"Bwenzi chiyani? Malizani, mwana akumva."

Mayiyo anayang'ana pansi. Ndinamumvera chisoni pang'ono, chifukwa sanali munthu woipa, anali ndi mantha basi.

"Inde, amatha kuyenda m'banja," anapitiriza Ankhanga. "Koma kwathu tinabadwa ambiri, ndili nawo ndine ndekha. Mwana wanga wobereka ndekha alibe ndi kadontho komwe. Mukafuna woti mumuimbe mlandu, ndilipo, ndinazolowera. Koma chithunzi ichi ayi."

Anakoka mpando nakhala moyang'anizana ndi mtsikanayo.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Chithunzi cha ukwati amapachika pakhoma, palibe amene amachifananiza ndi mwini wake. Funsa atelalawa." Ndinakhosomola. "Koma khadi amaiyang'ana, kenako nkuyang'ana iwe. Ndikafufuta, m'mawa uliwonse uzidzuka kudzipaka kuti ufanane ndi kapepala. Kukatentha uzidera nkhawa thukuta m'malo mwa masamu. Ine ndinakhala kapolo wa magolovesi, ndikudziwa kulemera kwake. Sindikupanga kapolo wa chithunzi ndi manja angawa."

"Azakhali, amandiseka," anatero Kamphepo, misozi ikuwonjezera mizere papaudala.

"Akuseka ndithu. Ineyo anandiseka mpaka mano kuuma. Tuluka ukaone pachitseko amene ali ndi chikwangwani."

Mtsikanayo anaseka mosafuna, kamodzi kokha, mamina nkutuluka. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Atelala, muli ndi kansalu?"

Ndinasankha kotsala ka diresi la mkwatibwi, kofewa kuposa tonse, nkukanyowetsa pampopi. Anadzipukuta yekha. Kenako amayi ake anatenga kansaluko ndi kupukuta pamene panatsalira kuseri kwa khutu.

Ankhanga sanafulumire. Anazimitsa fulashi ya kamera, ati imawalitsa poyera nkudetsa pakuda, natsegula zenera kuti kuwala kugwere m'mbali. Anakweza chibwano cha mwanayo ndi zala zawo zamawangazo, monga amachitira ndi makasitomala onse, nabwerera kuseri kwa kamera.

Chithunzi chitatuluka m'makina, Kamphepo anachiyang'ana nthawi yaitali. Kunena zoona sanamwetulire, koma maso anali gwa, ofanana ndi a pachithunzi cha kuseri kwa kauntala.

Mayeso analemba. Mafuta aja akudzolabe, ndipo pachikope payamba timadontho takuda, ngakhale patsaya sipanasinthe. Koma ine chimene sindiiwala ndi funso limene anafunsa tsiku lija ataima pakhomo, chithunzi chili m'manja.

"Azakhali, adzafalikira ngati anuwa?"

"Sindikudziwa. Adokotala nawonso sakudziwa."

"Nanga akafalikira?"

Ankhanga anali akupukuta diso la kamera ndi golovesi yakale imene anabwereka pamakina anga. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Udzabwera ndidzakujambulenso."