Kabokosi Koiwala Tsiku

Lachiwiri lapitali ndinabweza mayi wina chimanjamanja kachitatu. Ndimutche Nabanda. Anapalasa njinga kuchokera mbali za kwa Mkanda, mwana wa miyezi iwiri ali kumbuyo, kudzamva zotsatira za magazi a mwanayo. Ine ndine kalaliki pachipatala chaching'ono kuno ku Mchinji. Zotsatirazo zinali zitatuluka kale ku Lilongwe, koma chinandiletsa kuziona ndi kabokosi kakuda, kokula ngati sopo wochapira, kokhomedwa pakhoma pamwamba pa tebulo langa.

Kwa inu amene simunakaonepo, kabokosika kamatsegula njira yobisika pa intaneti pakati pa kompyuta yathu ndi yaikulu ya ku likulu, kuti nkhani za odwala zisamawerengedwe ndi wina aliyense. Akatswiri amati VPN. Kalibe sikirini, kali ndi timagetsi titatu basi. M'kati mwake muli pulogalamu yoyendetsa kamakinako, monga ilili ya mufoni yanu, kungoti iyi ndi yaing'ono, yoikidwiratu kufakitale, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokhayo.

Tsono magetsi atazima masiku atatu, kabokosi kathu kanaiwala tsiku. Kabatire kosunga wotchi yake kanafa kalekale ife osadziwa. Magetsi atayaka, kanadzuka kakuganiza kuti tidakali m'chaka chimene kanapangidwa. Kakagogoda ku likulu, makina a kumeneko amaona tsiku lolakwika, n'kukayikira chiphaso chake, n'kukana kutsegula.

Zonsezi anandifotokozera pafoni ndi katswiri wathu wa makompyuta, bambo Gondwe, ali ku Lilongwe.

"Ndi zazing'ono izo, achimwene," anatero. "Mphindi ziwiri. Kungolowamo n'kukonza deti."

"Ndiye ndipatseni pasiwedi."

"Aaa, pasiwedi sitipereka. Ndikonza ndili konkuno, kakangolumikiza."

"Koma bambo Gondwe, vuto lake ndi lomwelo. Sikakulumikiza."

"Basi, mudikire galimoto ikapezeka."

Ndatopa, abale. Sindinakalipe n'komwe, ndinangoika foni pansi.

Tsiku limene kabokosika kanabwera kunali magule, kudula riboni, zoyankhulayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Maphunziro athu onse anali amodzi: kakavuta, zimitsani, yatsaninso. Kenako anamatapo kapepala kolembedwa kuti OSAKHUDZA. Ife ndi ulemu wathu tinamvera. Amayi okolopa amakapukuta fumbi mwamantha ngati chikho cha kuguwa.

Kodi si mmene timalandirira zinthu kuno? Mapanelo a sola kusukulu, makina opopera madzi, kaya chiyani: chinthu chimakhala kwathu, kiyi wake kwina. Chikaima, tonse timachizungulira manja ali kumbuyo, kudikira munthu wa m'tauni.

Ndikumvetsa kuti chinsinsi cha odwala si chosewera nacho, ndipo pasiwedi singaperekedwe kwa aliyense. Koma namwino wamkulu pano amasunga kiyi wa chipinda cha mankhwala oopsa. Ameneyo angalephere kusunga envulopu yomata? Nanga inu opanga mapulogalamuwa, munayamba mwakhalapo kumalo kumene magetsi amapita masiku atatu osatsanzika? Munalephera kuikamo kakhomo kakang'ono koti munthu wamba akonzere wotchi yokha, zina zonse zikhale zokhoma?

Nditamufotokozera Nabanda kuti makina sanayambebe, sanakwiye. Anamanganso mwana wake bwinobwino, n'kundiyang'ana.

"Adokotala," anatero, poti kumudzi aliyense wa pachipatala ndi dokotala, "njingayi ndi yobwereka, ndipo mtedza ukundidikira kumunda. Chikhala kuti pali vuto, bwenzi mutandiuza kale. Ndiye kuti mwana ali bwino. Sindibweranso."

Ndinayesa kumuuza kuti kukhala chete kwa makina si yankho. Anangogwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira tikafuna kuti munthu asiye kuyankhula, n'kukwera njinga.

Bambo Gondwe anafika Lachisanu. Sananame, zinali mphindi ziwiridi. Kagetsi kachitatu kanayaka, mayina n'kuyamba kutsika pakompyuta. Zimene ndinaona pa dzina la mwana wa Nabanda sindingazilembe pano. Ndingonena kuti si zoti n'kudikira nazo mpaka mtedza utakumbidwa.

Nambala ya foni imene Nabanda anasiya ndi ya mlamu wake. Taimba kuyambira Lachisanulo, sikupezeka. Anzanga akuti mbali imeneyo foni zimakonda kugwira netiweki ya ku Zambia. Mawa mlangizi wa zaumoyo akupalasa kukamufunafuna mayiyo, atangonyamula dzina la mudzi.

Pochoka, bambo Gondwe anati batire latsopano abwera nalo ulendo wina. Pasiwedi anabwerera nayo ku Lilongwe. Ndiye magetsi akazimanso sabata ino, mayi wotsatira ndikamuuze chiyani?