Malo Amene Tinaika Amayi

Ndinaganiza zochoka kwathu m'mawa umene ndinaima m'mphepete mwa munda, khasu lili paphewa, n'kulephera kulitsitsa. Mvula inali itagwa, dothi likununkhira, anzanga akubzala mapira uku akuimba. Ine manja anangouma. Ndinkaona ngati paliponse pamene khasu lingagwere pali chinthu chondidikira pansi. Dzuwa litakwera ndinabwerera kunyumba khasu lili loyera, ndipo ndinadziwa kuti mwamuna wosalima alibe chake kwathu ku Mphuka. Sabata yomweyo ndinakwera lole ya nsomba zouma yopita ku Lusaka.

Dzina langa ndine Zuze Tembo. Ndinabadwira m'mudzi wa m'mphepete mwa Zambezi, m'boma la Luangwa, limene ife akale timalitchulabe kuti Feira. Nkhondo imene inandithamangitsa sinali yathu n'komwe. Inali ya tsidya lina la mtsinje, koma inkawoloka mmene mvuu zimawolokera kudzadya m'madimba mwathu. Asilikali ankakwirira mabomba m'njira ndi m'minda. Tsiku lina tikupita kudimba, amayi ali patsogolo ndi dengu pamutu, ine m'mbuyo ndi makasu, amayi anaponda bomba. Anafera pomwepo. Khutu langa lakumanzere nalo linasiyira pomwepo kumva.

Tinawaika tsiku lomwelo mothamanga, osati kumanda a mudzi, poti njira ya kumeneko anthu ankaiopa, koma kuseri kwa nyumba zathu. Pamandapo panali ine ndi amuna atatu achikulire. Mlongo wanga wamkulu Donaliya, amene kwathu timamuitana kuti Mana, anali kuchipatala ku Katondwe ndi mwana wakhanda, ndipo uthenga unamupeza zonse zitatha. Sipanapite nthawi mudzi wonse unasamukira kumtunda, malo akalewo n'kusanduka bwinja. Amuna atatu aja anamwalira mmodzimmodzi. Wodziwa pamene panagona amayi ndinatsala ndekha.

Ku Lusaka ndinayamba ndi kusenza matumba pamsika, kenako mmisiri wina anandilemba ntchito yomuponderera simenti. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kuthira pansi pa nyumba. Ntchito imeneyi inandikwana ngati nsapato yoyeza. Ndathira simenti m'nyumba, m'makhonde, m'mabwalo a anthu, ku Lusaka ndi ku Ndola, mpaka maondo anayamba kulira ndikamadzuka. Mabwana ankanditamanda kuti sindisiya kadothi ngakhale pakona. Sankadziwa kuti ndinkachita zimenezo kuti mtima wanga ukhale pansi. Pokumba maziko ndinkapeza chifukwa chokagulira misomali. Ponseponse ndinkayenda pa tala kapena pamene wina wangopondapo. Anzanga akamadulira pa udzu ine ndinkazungulira, iwo n'kumaseka kuti, “Ba Tembo aopa kudetsa nsapato.” Ndinkawalola aseke.

Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe angandinene. Poyamba ndinkapatsira oyendetsa malole a nsomba, pamodzi ndi sopo, shuga ndi chitenje cha pa Khirisimasi. Chaka cha njala ndinatumiza ufa, chaka china malata. Oyendetsa omwewo ankabwera ndi kathumba ka masau ouma ndiponso mawu a Mana. Mawuwo ankayamba ndi mbuzi, njovu zimene zadya chimanga, amene wakwatiwa ndi amene wamwalira, koma pothera anali amodzimodzi: ubwere udzandionetse pamene munaika amayi. Ine ndinkayankha kuti asadandaule, malowo ndikuwadziwa ngati chikhatho changa. Pali mtengo waukulu wa bwemba, chulu chili chakum'mawa kwake, amayi ali pakati. Ndinkanena zimenezi monyadira ndithu. Zinali ngati chuma changa chimene wina aliyense analibe.

Kumudzi watsopano ndinkafikako mwa apo ndi apo, pamaliro basi. Ndinkatsika basi, kuyenda pakati pa msewu, kukhala pamphasa, n'kubwerera anthu asanamwazikane. Mana akayamba za kubwinja ndinkati ntchito ikundidikira. Sankandikakamiza. Ankangondiyang'ana, n'kupitiriza kuluka mphasa yake.

Ndinakwatira ku Ndola, mkazi wachibemba wabwino mtima, amene anazolowera kukhala kudzanja langa lamanja kuti ndizimumva. Iye yekha ndiye ankadziwa chifukwa chimene ndinkagwera pansi tayala la galimoto likaphulika. Atamwalira, nyumba inakula. Ana athu awiri ali ndi mabanja awo, chilankhulo chathu cha Chikunda sadziwa, ndipo Feira amangoimva kuti ndi kotentha. Lamlungu ndinkakhala pakhonde kuyang'ana bwalo langa lasimenti, loyera bwino, lopanda ngakhale nyerere. Ndinali wosungulumwa, ndipo ndinalibe woti ndimuuze m'chilankhulo chimene ndimalotera.

Chaka chathachi, nthawi yotentha, foni inalira. Anali mdzukulu wa Mana, amene anangopereka moni n'kupatsa foniyo agogo ake.

“Iwe Zuze,” anatero Mana, mawu ali otsika. “Maso anga yasila, na mtima siuli bwino. Sinifuna malata, sinifuna shuga. Nikafa nifuna kukagona pafupi na amai. Ukapanda kubwera, azaniika kwina.”

Ndinayamba kunena za ntchito, koma ntchito ndinali nditaisiya kalekale, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndinapereka makiyi a nyumba kwa mwana wanga wamkulu n'kukwera basi.

Woyamba kundilandira sanali Mana, anali Alikisi Mwanza, sabwira wathu. Kwathu banja lililonse lili ndi asabwira ake, anthu a banja lina amene amakumba manda ndi kusamala maliro athu, ifenso n'kumawachitira chimodzimodzi. Chifukwa cha ntchito imeneyo amaloledwa kutinyoza mmene angafunire. Bambo ake a Alikisi anali mmodzi mwa amuna atatu aja.

“Ah, mudala wa ku tauni!” anakuwa ali patali. “Ine ninali kuyembekeza kuti uzabwera mu bokosi nidyeko mbuzi. Wabwera na miyendo yako, wanimana nyama!”

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Panali patapita zaka munthu asanandinyoze bwino chonchi.

Kwathu mvula isanagwe mabanja amapita kukasesa ndi kulambula manda a abale awo. Mana anati tipite pa nthawi imeneyo, kuti manda a amayi nawo aone tsache kwa nthawi yoyamba. Tinanyamuka m'mawa kusanatenthe. Mana anakhala kumbuyo kwa njinga, Alikisi akukankha, matsache atamangidwa pachitsulo. Ana aakazi awiri a Mana ankatitsatira ndi makasu ndi chigubu cha madzi. Mumsewu ndinayenda bwino, ndikucheza. Titafika pamene kanjira ka kubwinja kamapatukira, miyendo inakana.

Ndinaima ngati mwana amene afika naye pachipata cha sukulu. Khutu lakufa lija linayamba kulira. Ndinachita manyazi kwambiri, munthu wa imvi, adzukulu anga akundiyang'ana.

Alikisi sananyoze. Anati anthu a makina ofufuzira mabomba anabwera kalekale, anafufuza dera lonselo n'kuchotsa zimene anapeza, ndipo mbuzi, ana otola masau ndi azimayi a nkhuni akhala akupondamo zaka zonsezi.

“Niziba,” ndinatero. “Mutu uziba, koma miyendo siimvera.”

“Na ine nili nayo njira imene sinipitamo,” anatero motsitsa mawu. “Ija ya kudoko, kumene anafera mukulu wanga. Nimazungulira mpaka lelo, bwato nimasiya kwina. Tiliko ambiri kuno, mudala, siwe weka. Ponda pamene papita tayala.”

Ndinayenda choncho, maso ali pa mzere wa tayala la njinga, kumbuyo kwa mlongo wanga wakhungu. Sindinadzutse mutu mpaka Alikisi anati tafika.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Bwinja lija linali tchire wamba. Moto wolusa unali utadutsa, pansi pali phulusa ndi ndowe za njovu. Mtengo wa bwemba panalibe, ngakhale chitsa chake. Alikisi anati mitengo ikuluikulu ina inagwetsedwa ndi njovu, ina inapita kumakala. Zulu zinalipo zambirimbiri, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo chilichonse chinali kum'mawa kwa chinachake. Ndinayesa kukumbukira pamene panali khomo la nyumba yathu, pamene panali nkhokwe. Ndinayang'ana phiri la tsidya, ndinayang'ana dzuwa. Chimene ndinasunga m'mutu zaka zoposa makumi anayi sichinkagwirizana ndi chilichonse pamalopo.

Mana anali atatsika panjinga, atagwira mkono wa mwana wake. “Ni pati?” anafunsa.

Maganizo anandibwerera akuti ndingoloza paliponse. Ndani akanatsutsa? Mana saona, Alikisi panthawiyo kunalibe, ana aja anali asanabadwe kapena ali kumsana. Panali malo ena abwino pafupi ndi chulu china, athyathyathya, a mthunzi pang'ono. Dzanja linayamba kukwera lokha. Koma ndinaona nkhope ya Mana, mmene anaitembenuzira kwa ine ngati mmene ankachitira tili ana ndikamuuza nkhani, ndipo dzanja linabwerera.

“Mana,” ndinatero, “siniziba. Bwemba kulibe. Ni pano penapake, kuchokera pa chulu ico kufika ku kamfuleni uko, koma pamene pali amai sinipaona. Nachedwa kubwera.”

Mana anakhala pansi paphulusa pomwepo n'kuyamba kulira, maliro enieni a kwathu, kutchula amayi ndi dzina lawo, kuwauza kuti mwana amene anali naye kuchipatala uja tsopano ali ndi adzukulu. Anali maliro amene sanalire pa nthawi yake. Ine ndinakhala pambali pake, iye ali kukhutu limene ndimamvera, ndipo ndinalira nawo. Pa tsiku loika amayi sindinalire, tinalibe nthawi.

Atatonthola anapukuta m'maso ndi chitenje n'kufunsa, “Wati kuchokera pa chulu kufika ku kamfuleni?”

Ndinavomera.

“Ndiye tisese ponse. Tsache lizawapeza lokha.”

Alikisi anadandaula mokweza kuti banja la a Tembo ndi lovuta, anzawo amasesa manda amodzi, iwo akufuna kusesa dziko lonse la Zambia. Koma ndiye anali woyamba kumasula matsache. Anandipatsa limodzi.

Tinasesa. Ana a Mana ankalambula ndi makasu, ine ndi Alikisi tikukokolola masamba ndi phulusa. Posesa munthu sangasankhe poponda. Tsache limapita patsogolo, phazi limatsatira, ndipo ukasiya malo amaoneka. Poyamba ndinkanjenjemera pa phazi lililonse. Kenako msana unayamba kupweteka, ndipo ndinayamba kuganiza za msanawo. Dzuwa lili pamutu ndinadzapezeka ndili pakati penipeni pa bwinja, kutali ndi kanjira, pamalo pamene sipanapite tayala kapena phazi la munthu, ndikukangana ndi Alikisi za amene wasesa mokulira. Mana anali pamthunzi akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Titamaliza tinamuyendetsa pamalo ponsepo, wopanda nsapato, iye akuti, “Amai, ndine Donaliya, nabwera.”

Ku Ndola sindinabwerere. Ndinagona m'kanyumba ka kuseri kwa Mana, pansi pake pali dothi lozira, ndipo sindinaganizepo zothirapo simenti. Mantha sanathe onse, ndisaname. Chitseko chikamenyetseka ndimadumphabe. Koma ndinaphunzira kuti m'mudzi muno muli akuluakulu ambiri amene amadumpha nane limodzi, kenako timayang'anana n'kupitiriza bawo. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti nkhondo inatsala kwathu ndipo ine ndinaithawa. Chonsecho anthu a kwathu anakhala nayo, kuilima, kuberekerapo ana, mpaka inakalamba pamodzi nawo. Yanga ndiyo inakhalabe yaiwisi chifukwa ndinaitsekera.

Mana anamwalira chimanga chikumasula. Tinamunyamula kupita naye kubwinja monga ananenera. Udzu unali utameranso, koma malo amene tinasesa ankaonekabe. Mwambo wa kwathu ndi wakuti wachibale ndiye amaloza malo ndi kutema khasu loyamba, asabwira n'kupitiriza. Wachibale wamkulu amene anatsala ndinali ine.

Alikisi anandipatsa khasu. “Ukalephera unene, mudala,” anandinong'oneza kukhutu lamanja. “Nizakugwirira dzanja, anthu sazaona.”

Ndinamuuza kuti asiye. Ndinayenda kufika pakati pa chulu ndi kamfuleni, ndinaima, n'kukweza khasulo. Linali lolemera kuposa mmene ndinkalikumbukira. Ndinalitsitsa ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'mapewa akalewa. Linalowa mofewa, dothi lonyowa n'kutembenuka, ndipo sipanamveke kanthu kena koma kulira kwa azimayi kumbuyo kwanga.

Sindikudziwa ngati Mana ali kumutu kwa amayi kapena kumiyendo kwawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti sali patali. Ndamuuza kale Alikisi kuti nthawi yanga ikakwana asavutike kufunafuna malo, angokumba paliponse pamene tinasesa.