Mkaka wa Kudimba

Ntchito yanga zaka zimenezo inali yopima chimbudzi cha ana. Anthu akandifunsa pamaliro kapena kutchalitchi ndinkangoti ndimagwira ku labu ku Lilongwe, n'kusintha nkhani msanga. Zoona zake ndinkayenda m'midzi ya ku Dowa kutolera timabotolo ta chimbudzicho kwa amayi, kulembapo manambala, n'kubwera nato kudzafufuzamo chinthu chotchedwa lakitoferini.

Chinthu chimenechi chimapezeka mu mkaka wa m'mawere, komanso chimachuluka m'chimbudzi ngati matumbo atupa kapena achita zilonda. N'chifukwa chake kafukufuku wathu ankangotenga ana osiya kuyamwa. Chochigwirira chake ndi maantibodi, timadzi tochepa tochokera kunja, timene timamata lakitoferini wa munthu yekha, wa ng'ombe kapena wa mbuzi ayi. Timadziti tinkasamalidwa kuposa ife antchito. Magetsi akathima tonse tinkathamangira kufiriji, wina akomoke pakhomo zake zimenezo. Ukathira zonse m'timabowo ta kambale kapulasitiki, pamene pali lakitoferini wambiri pamasanduka chikasu.

Mwana wa mng'ono wanga analinso m'kafukufukuyo. Mng'ono wangayo anatengedwa chitengwa ku Dzoole, ndipo anatenganso pakati mwanayo asanayambe n'kuyenda komwe. Apongozi ake atangodziwa analamula kuti mwana asiye bere tsiku lomwelo, ati mkaka wa mayi wapakati ndi wowola, mwana atumbidwa. Tsabola wopaka kumawere anabwera naye okha. Ine ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma anangondiyang'ana ngati wailesi yolira panyumba ya eni.

Kabowo ka mwanayo ndinkakadziwa, poti nambala yake ndinalemba ndine. Timabowo ta ana anzake tinangoonetsa chikasu pang'ono. Kake kanachita chikasu chenicheni, ngati dzira la nkhuku yachikuda. Ndinabwereza ndikudzinamiza kuti mwina ndinathira molakwika, koma zinatuluka chimodzimodzi. Ndinachita mantha, mantha enieni. Mwana wosayamwa, chikasu chotere, ndiye kuti m'mimbamo muli moto.

Abwana a pa labu anati, "Kabowo kamodzi si matenda. Tidikire ulendo wotsatira."

Kudikira ine sindinabadwe nako. Sabata imeneyo ndinapsereza ndiwo, ndinakalipira kondakitala wosalakwa, ndinaimba foni ya alamu anga, bambo a mwanayo, mpaka chala kuwawa. Foniyo moyo wake wonse imakhala ili kotchaja. Loweruka ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, kukwera ndi kutsika zitunda zija ndikumuuza wakabaza kuti athamange, iye akundiuza kuti ali ndi ana.

Ndinapeza mwana ali khale pabwalo, masaya ali phwii, akulimbana ndi chitsononkho. Thupi silinali lotentha. Ndinafunsa ngati akutsegula m'mimba, akuti ayi. M'malo mosangalala ndinakwiya, poti sindinkadziwa kuti ndikhulupirire maso anga kapena kambale kaja.

Apongozi aja anatulukira kuchigafa cha fodya akupukuta manja.

"Mwafika adokotala? Taonani mwana wathu. Phala ndi mkaka wa mbuzi basi. Mukanatipusitsa ndi zakusukulu zanuzo bwenzi pano tikunena zina."

"Amayi, ndabwera kudzamutenga. Akaonedwe kuchipatala."

"Wadwala chiyani?"

Ndikanati chiyani, kuti ndaona chikasu? Mng'ono wanga, amene nthawi yonseyi anali atatsamira khoma, ananyamula mwana n'kumubereka.

"Asisi, tandiperekezani kudimba tikathyole mpiru wa alendo."

Njira yonse yotsetserekera kudambo ndinamulongosolera za maantibodi, za matumbo, za zilonda. Titangolowa mumpanda wa dimba, mwana anayamba kudzikoka kumsanako ngati mbuzi yaona khola. Mng'ono wanga anasuzumira kunjira, n'kukhala pansi kuseri kwa nthochi, n'kumasula bulauzi. Mwanayo sanachite kufunafuna. Zinaonekeratu kuti malowo ndi nthawiyo ankazidziwa bwino.

Ndinangoti kukamwa yasa. Timadzi tija sitinaname: tinapezadi lakitoferini wa munthu, koma anali wochokera m'bere la mng'ono wanga.

"Iwe! Sabata yonse ine osadya!"

"Musakuwe asisi, chonde. Ndinayesa kumuletsa. Tsabola uja ndinapakadi. Analira mpaka mawu kutha, ndiye ndinakasamba."

Kenako anandifunsa ndi mawu otsika, osandiyang'ana.

"Ndiye makina anuwo aona kuti mkaka wanga ndi wowola? Ndiuzeni zoona. Tsiku lililonse ndikamachoka pano ndimati mwina ndamupha."

Apa mkwiyo wonse unandithera, ndinamva chisoni. Miyezi yonseyi anasenza yekha mantha amenewa, mimba ili kutsogolo, mwana kumbuyo, ine ndili kutauni kusamala firiji. Ndinamuuza kuti chimene tapeza si kuwola. Ndi chinthu chimene thupi lake limaika mu mkaka kuti chiteteze m'mimba mwa mwana, ndipo kusikelo akamuuza zomwezo. Ndinamuuzanso kuti Lolemba ndikauza abwana kuti mwanayu akuyamwa, achotsedwe m'kafukufuku, koma ku Dzoole kuno pakamwa panga sipatuluka kanthu.

Anangomusinthira mwana bere lina, misozi ikugwera pamutu pake.

Posakhalitsa ndinamva kutsokomola kumtunda. Apongozi aja ankatsika ndi khasu paphewa, ati adzatithandize kusankha mpiru wabwino. Ndinatuluka mumpandamo liwiro, n'kukawatchingira pakanjira. Ine amene ulimi unandikana kalekale ndinayamba kuwafunsa za fodya wawo: mbewu yanji, anawokera liti, nanga masamba apansi amathyola bwanji. Anasangalala, anatsitsa khasu, n'kuyamba kundiphunzitsa kuyambira kunazale. Ndinkangovomera mokweza kuti eee, eee, khutu limodzi lili kunthochi, mpaka ndinamva mwana akugeya.