Mwendo wa Mayi Lusia

Ndinagwira ntchito ya unamwino pa kachipatala kena kufupi ndi Namwera m'zaka zimene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ngati alipo munthu amene anandimeretsa imvi ndisanakalambe, ndi Mayi Lusia. Sanali wamwano ayi. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino, poti amwano ine ndimawatha. Vuto la Lusia linali kupatsa.

Analowa m'Malawi kudzera pa malire a Chiponde mu 1987, atasenza mphika ndi mkeka basi. Ku msasa wa othawa nkhondo sanakhalitseko. Che Bakali, mwazini amene ankaitana anthu ku mapemphero a swala pa mzikiti wa m'mudzi mwawo, ndi akazi awo a Sakina anamupatsa malo kuseri kwa nyumba yawo, iye n'kumangapo kanyumba kaudzu. Anali Mkatolika wa kolona m'khosi pakati pa Asilamu okhaokha, koma chaka chisanathe ankayankhula Chiyao cha pamsika ndipo pa sadaka iliyonse ndiye ankatsuka mbale.

Tsiku lolandira chakudya cha othawa nkhondo linali chikondwerero cha mudzi wonse. Ufa, nandolo, mchere ndi mafuta zikangofika pakhomo pake, dzuwa lisanalowe thumba limakhala litafika pakati. Mwana akangoima pabwalo chala chili m'kamwa, ndiye kuti wadya kale. Ankakazinganso zitumbuwa zoti azigulitsa, koma malonda akewo ankawamvetsa ndi Mulungu yekha. A Sakina ankamudzudzula kuti kupatsa n'kuika, inde, koma osati kuika ndi mphika womwe. Lusia ankangoseka, mawa n'kuchitanso zomwezo.

Mtendere utasainidwa kwawoko, Lusia anamva kwa ochita malonda a ku Mandimba, tauni ya ku Mozambique ya m'malire, kuti mayi ake akadali moyo. Mudzi wawo unali kutali ndi msewu, kumene lole siifika, ndipo anthu ankati ulendo wotsalawo ndi wa pansi. Kuyambira pamenepo nkhani yake inali imodzi, yoti akangokolola anyamuka. Mwatsoka, akupalira chimanga chomwecho, chisonga cha mtengo chinamubaya pamwamba pa kakolo. Anangomangapo kansanza n'kupitiriza kulima. Anabwera kwa ife mwendo utatupa, ukutentha, mafinya akutuluka.

A Kalisto, amene anali mkulu wa chipatala chathucho, anatsuka balalo n'kumulembera makapisozi a kolokisasilini, mankhwala a m'banja la penisilini amene amalimbana bwino ndi tizilombo ta m'zilonda. Ine ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera monga ndinkachitira ndi aliyense. Ndinati tizilombo ta mabakiteriya timadzimangira khoma lotiteteza, ndipo penisilini ndi abale ake amaletsa kumanga khomalo mpaka kachilombo kaphulike. Koma tizilomboto sitifa tonse nthawi imodzi. Timayamba kufa ndi tofooka, ululu n'kuchepa, munthu n'kumaona ngati wachira, pamene tolimba tikadalipo. Ukalekera panjira, totsalato timaswana, ndipo nthawi zina mankhwala omwewo timakhala titawazolowera. Lusia anamvetsera bwinobwino, anagwedeza mutu n'kunena kuti obirigada senyora, kutanthauza zikomo mayi m'Chipwitikizi. Ndinadziuza kuti lero ndaphunzitsa munthu.

Muyenera kudziwa kuti kumudzi nthawi imeneyo kapisozi anali kapisozi basi, kusiyana kwake kunali kwa mtundu wa malaya. Wofiira ndi wachikasu uja, tetirasaikilini, ankagulitsidwa pamsika pambali pa singano ndi sopo. Anthu ankamutsegula n'kuthira ufa wake pachilonda, ankamwetsa ana aang'ono mano n'kudzamera achikasu, ena ankamwera chambiko osadziwa kuti mkaka umamugwira m'mimba asanalowe m'magazi. Bakitirimu ankamwera chimfine, chimene sichimva mankhwala a mabakiteriya m'pang'ono pomwe. Okhawo amene ankalemekezedwa anali fulajilo, chifukwa abambo amene anayesa kuwaphatikiza ndi kachasu anasanza mpaka kulapa. Ndinalalikira za zimenezi mpaka mawu kusasa, koma ndinkangothira madzi pamsana pa bakha.

Patapita masiku, Che Bakali anabwera atakwezedwa pa njinga, milomo itatupa, thupi lonse zidzolo, akudzikanda ngati agona pa chitedze. A Kalisto atafunsa chimene amwa, iwo anakanitsitsa kuti sanamwe kanthu. A Sakina ndiwo anaulula kuti dzulo lake ankatsokomola, ndiye Lusia anawapatsa kapisozi mmodzi. Tinawabaya jakisoni mwamsanga ndipo anapeza bwino, koma tinawauza mosabisa kuti matupi ena amadana ndi penisilini, ndipo tsiku lina kutupako kukhoza kutseka pakhosi. Atangoyamba kupuma bwino, ine ndinavala nsapato zanga.

Lusia ndinamupeza pakhonde, mwendo atausanjika pa mtondo wogoneka. Unali utatupa mpaka m'bondo, ndipo fungo linandilonjera ndisanakhale pansi. Kajumbo ka mankhwala kanali kopanda kanthu. Anandilongosolera mosachita manyazi, ngati akunena za ukwati umene unayenda bwino. Masiku oyamba anamwa, ululu n'kuchepa. Kenaka mayi wina anabwera dzino likumupweteka, mtsikana wina anali ndi chithupsa, Che Bakali ndi chifuwa chawo, ndipo bambo wina wopita ku Mandimba anamupatsa awiri ngati kamba wa paulendo. Wotsiriza anasungunulira nkhuku ya a Sakina imene inagwidwa chitopa. Nkhukuyo inafabe.

Ndinamukalipira kwambiri tsiku limenelo. Ndinamuuza kuti mankhwala si nandolo, kuti sanachiritse munthu ngakhale mmodzi, kuti watsala pang'ono kupha mwazini wa mudzi wonse, ndiponso kuti tizilombo ta m'mwendo mwake wangotidyetsa phala kuti tinenepe. Anandisiya ndiyankhule mpaka mpweya unandithera. Kenaka anayankha motsitsa mawu.

"Senyora, pothawa paja ndinali ndi mwana wanga wotsiriza, Eduardo. Tinagona m'tchire opanda chakudya. Mayi wina pafupi nafe anali ndi chinangwa m'chitenje, ndipo ankadya atatifulatira. Mwana ankangoyang'ana msana wake. Sanafike pa Chiponde. Ine ndinalumbira kuti munthu sadzaona msana wanga ndikudya."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachiiwale mpaka lero. Ndinangotuma anthu kuti abwereke njinga timutengere kuchipatala.

A Kalisto anang'amba balalo n'kutulutsa mafinya odzaza mbale. Atayang'ana m'katimo anapukusa mutu. Anati matenda ayandikira fupa, ndipo akalowamo, ku chipatala chachikulu ku Boma akaudula mwendowo m'munsi mwa bondo. Lusia anafunsa funso limodzi lokha, ngati munthu wa mwendo umodzi angafike kwa mayi ake. Tinamugoneka m'wodi n'kuyamba majakisoni, ndipo a Kalisto ankaseka kuti ubwino wa jakisoni ndi woti sagawika. Phala lake lokha ndilo ankagawira wodi yonse.

Kutupa kunayamba kutsika, koma mabedi athu anali ochepa ndipo ana a chikuku ankafika tsiku lililonse. Lusia anayenera kutuluka kuti akapitirize makapisozi kunyumba kwa milungu ingapo, kanayi pa tsiku, m'mimba mulibe kanthu. Apa m'pamene mutu unatizungulira, chifukwa kumupatsa kajumbo Lusia kunali kupatsa mudzi wonse pamodzi ndi nkhuku zake.

Nzeru inachokera kwa a Sakina, amene anabwera kudzamutenga. Anandikokera pambali n'kunena kuti ife tikulimbana ndi mbali imodzi yokha ya munthuyu. N'zoona kuti Lusia satha kukaniza wopempha, koma sathanso kukana chimene mlendo wabweretsa, poti kumeneko n'kunyoza. Choncho mankhwalawo asakhale ake. Akhale m'thiranki ya a Sakina, ndipo azipita kwa iye mmodzimmodzi, m'manja mwa mlendo. Nditafunsa za wotchi, a Sakina anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, nati wotchi ya mudziwo ndi amuna awo. Tinagwirizana kuti kapisozi woyamba azipita Che Bakali akaitana swala ya subuhi m'bandakucha, wachiwiri pa zuhuri masana asanadye, wachitatu pa magharibi dzuwa likamalowa, wotsiriza pogona. Sizinali ndendende monga buku limanenera, koma zinaposa kumwetsa nkhuku.

Che Bakali anang'ung'udza kuti iwo amaitanira anthu kwa Mulungu osati ku makapisozi. Koma milomo inali itangophwa kumene, ndiye sanalimbikire. Anthu amati akamaliza kuitana ankasuzumira kuseri kwa nyumba yawo kuti aone ngati mlendo wanyamuka.

Alendowo anali omwe aja anadya nawo makapisozi oyamba. Mayi wa dzino, mtsikana wa chithupsa ndi a Sakina m'malo mwa malemu nkhuku ankasinthana. Mlendo ankafika ndi odi, kugwada, n'kupereka kapisozi ndi manja awiri pamodzi ndi chikho cha madzi. Lusia ankalandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Poyamba ankayesa kunyengerera kuti amutsegule agawane pakati, koma mlendo ankangokhala phee osachoka mpaka ameze ndi kuyasamula. Akatero ankamulola kubwezera ulemu ndi chitumbuwa, ndipo ndikukhulupirira kuti amayi amenewo ananenepa mwezi umenewo.

Tsiku lina masana ndinadabwa kuona Lusia akulowa pachipata cha chipatala, akutsimphina ndi ndodo, a Sakina ali pambuyo, ndi mayi wina wachilendo atabereka mwana. Ndinatsegula kale pakamwa kuti ndikalipe za kuyenda ndi mwendowo, koma a Sakina anandipatsa chizindikiro kuti ndidekhe. Mwanayo ankapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, ndipo chinali chibayo. A Kalisto anamutenga nthawi yomweyo n'kumuyambitsa mankhwala oyenera msinkhu wake.

Pambuyo pake a Sakina anandiuza zimene zinachitika. Mayiyo anamva kuti kuseri kwa nyumba ya Che Bakali kuli munthu amene samana mankhwala, ndipo anafika pa zuhuri penipeni, kapisozi ali kale m'manja mwa Lusia. Anagwada n'kupempha kuti amuthandizire mwana. Lusia anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenaka, osatembenuka, maso ali pa mayiyo, anaika kapisozi m'kamwa n'kumeza, misozi ikutsika.

"Awa ndi a mwendo wanga, mwana wanu sangamuthandize," anatero. "Ake alipo. Dzukani, ndikuperekezeni."

Mwana uja anachira. Lusia tinamubweza pa njinga, ndipo ndinamukalipirabe pang'ono kuti asazolowere. Kuchokera tsiku limenelo pakhomo pake panasanduka ngati polandirira alendo pa chipatala chathu. Aliyense wopempha kapisozi ankalandira chitumbuwa ndi ulaliki wa khoma la tizilombo, m'Chichewa chosakaniza Chiyao ndi Chipwitikizi, kenaka n'kuperekezedwa kwa ife. Ulaliki wakewo unali ndi zowonjezera zimene ine sindinaphunzitse, koma anthu ankaumva kuposa wanga, ndipo nsanje ndinali nayo ndithu.

Bala linapola, n'kusiya chipsera chachikulu ngati chikhatho. Fupa silinakhudzidwe. Chimanga cha chaka chimenecho anamukololera ndi anzake, ndipo ulendo unadikira mpaka 1994, pamene malole ankatenga anthu kubwerera kwawo. M'mawa wa tsiku lonyamuka anagawa zonse, ndowa, mphika, mkeka, ngakhale chitseko cha kanyumba kake. Anafika kuchipatala n'kuvina pakhonde pathu, akuponda mwamphamvu ndi mwendo womwe uja kuti a Kalisto aone, odwala akuwomba m'manja. Ine anandipatsa chiwaya chake cha zitumbuwa, chimene ndikadali nacho. Ndinamuuza kuti akafika asakagawe mayi akewo, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Patapita miyezi, ochita malonda a ku Mandimba anabweretsa uthenga woti anafika ndi miyendo yake iwiri, anawapeza mayi ake ali moyo, ndipo mudzi wonse ukudya kale pakhomo pake. Ndinapita ndekha kukawauza a Sakina. Anasangalala, anandiyalira mkeka, tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka Che Bakali anayamba kuitana swala ya magharibi. A Sakina anadzuka msangamsanga n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinamva thiranki ikutseguka. Panapita kanthawi. Anatuluka manja ali lende, nayang'ana kuseri kumene kunali kanyumba kopanda chitseko.

"Chaka chatha chitherenicho mankhwala aja," anatero, "koma miyendo yangayi sinamvebe."