Makutu a Mwana wa Wowotcherera

Anthu amanena kuti amake mapasa ali ndi maso achiwiri. Akuti akangoyang'ana khutu la mwana amadziwa bambo wake weniweni, ngakhale bamboyo atakhala kuti anasamuka kalekale. Akuti nzeru zimenezi anazitola m'chibuku chokhala ndi zithunzi za anthu osendedwa khungu. Mpaka lero akamadutsa mumsewu wathu, pali azimayi amene amaveka ana awo zipewa zaubweya dzuwa likuswa mtengo, ndipo pali azibambo amene amawapatsa moni wautali mwana ali m'manja, akumutembenuza cham'mbali kuti khutu lioneke bwino.

Zonsezi ndi nkhambakamwa. Chibukucho n'cha Bayoloje, chomwechi amanyamula ana a kusekondale. Mayiwa analibe maso achiwiri. Anali ndi zala zotupa, ndi mayeso amene anali atalephera kale kawiri.

Ntchito yawo inali yoluka tsitsi mu saluni ya Madamu, kachipinda kopanikizika pakati pa wogulitsa mafoni ndi wosoka nsapato. Munali magalasi awiri, lina long'aluka pakona, dilaya yolira ngati ndege, ndi mameshi olendewera pamisomali khoma lonse. Sukulu anaisiya atatsala pang'ono kumaliza, mapasa atagogoda osaitanidwa. Kuyambira pamenepo banja linkadya za m'zala zawo, chifukwa bambo a mapasa amakonza njinga, ndipo njinga za kuno zimafa mwa apo ndi apo ngati mafumu.

Kenako nyamakazi inalowa m'zalamo. M'mawa zinkadzuka zopindika, mpaka aziviike m'madzi ofunda kuti zivomere kugwira chipeso. Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti akapitiriza kukoka tsitsi tsiku lonse, posachedwa azidzalephera ngakhale kumanga batani. Ndiye anaika mtima pa sukulu ya alangizi a zaumoyo, ntchito ya pakamwa ndi miyendo, zinthu zimene Mulungu sanawamane. Maphunziro ena onse anali atawakhoza polembanso. Inatsala Bayoloje yokha, ndipo popanda iyo sukuluyo sikulandira. Komanso sukuluyo ili ndi malire a zaka, ndipo iwo anali ataponda kale pamzere. Akalephera ulendo uno, chitseko chitsekeka, atsala ndi zala zakufa ndi ana awiri odya ngati dzombe.

Njira zowerengera anayesa zonse, ndipo aliyense ankawapatsa yake. Ife amene tinathawa sukulu aphunzitsi asanatidziwe dzina ndi amene tinali patsogolo kulangiza. Wina anati alowezeretu buku lonse. Analoweza, koma polowa m'chipinda cha mayeso zonse zinatsala pakhomo ngati nsapato za mlendo. Wina anati azikopera manotsi. Zala zinakana. Anagula cholembera chachikasu chodulira mizere pa mfundo zofunika, koma kwa iwo chilichonse chinali chofunika, mpaka buku lonse linasanduka ngati ladwala chikasu. Anajambula mawu awo pafoni kuti azimvera pogona, amene analoweza ndi bambo a mapasa, moti ankabwebweta za kapamba kutulo. Analowa kagulu ka atsikana olemba nawo mayeso, koma iwo akafunsa funso atsikanawo ankangoti "anti, n'zophweka izo," n'kubwerera ku mafoni awo.

Njira yeniyeni inabwera yokha. Tsiku lina kasitomala anaona bukulo pansi pa galasi, n'kufunsa mwachipongwe ngati muli yankho la chifukwa chimene iye amadzukira pafupipafupi kukataya madzi. Amake mapasa anayamba kufotokoza za impso, mmene zimasefera magazi, zimene zimabweza ndi zimene zimataya. Kasitomala ankafunsa, iwo ankayankha, pokakamira ankasuzumira m'buku chipeso chili kukamwa. Kutacha anapeza kuti impso yonse ikadali m'mutu, sinathawe. Anakhala pamphepete pa bedi n'kulira, bambo a mapasa mpaka anaganiza kuti kwagwa maliro.

Basi, saluni inasanduka kalasi. Ndipo kalasi yake inali yabwino kuposa ya boma, chifukwa munthu amene walukidwa theka la mutu sangathawe. Ofuna mizere yopita kumbuyo ankamva za mapapo. Ofuna timalukidwe ting'onoting'ono totenga tsiku lonse ankatuluka akudziwa ulendo wa chakudya kuchokera kukamwa mpaka kumene chimathera. Ena ankadandaula kuti miseche yasowa, koma ambiri ankakonda, maka zikafika pa mutu wa kubereka. Madamu ankangopukusa mutu.

Tsoka silinunkha. Sabata imene anafika pa mutu wa zotengera kwa makolo, kunabwera mkazi wa wowotcherera, uja amapanga mageti kumapeto kwa msewu, ndi kamtsikana kake kodzalukitsa. M'bukumo munali chitsanzo cha makutu. Ena kansonga kam'munsi kamalendewera, ena kanamatirira kutsaya. Buku linkati makolo awiri a makutu omatirira amabereka ana a makutu omatirira basi. Amake mapasa, mutu wa mwana uli pakati pa mawondo awo, anaona khutu lolendewera. Anayang'ana la mayi wake pagalasi, lomatirira. Anasangalala ngati watola ndalama.

"Taonani, asisi, izi ndiye zimene ndimanena. Inu anu ndi omatirira, a mwanayu akulendewera. Ndiye kuti watengera bambo ake. Bambo ake ndi olendewera, palibe kuchitira mwina."

Mkaziyo anangoseka, chifukwa ndani amayang'ana makutu a mwamuna wake. Koma pansi pa dilaya panali mayi wina wa pakamwa posagona, ndipo dilayayo inali itazima.

Mawa lake wowotcherera anadabwa kuona makasitomala ochuluka chonchi. Anthu ankabwera, kufunsa mtengo wa geti, kuzungulira mbali iyi, kuzungulira mbali inayo, osagula kanthu. Makutu ake anali omatirira ngati anachita kuwotcherera yekha. Nkhani inamufika dzuwa lisanapendeke. Sanamenye munthu. Anangozimitsa makina, n'kukauza mkazi wake kuti atenge mwana wakeyo apite kwa mchemwali wake, akakumbukire bwinobwino.

Madamu sanachedwe. "Muno timaluka tsitsi, sitipasula mabanja. Tengani buku lanu."

Mayeso anali atayandikira. Amake mapasa anatsala opanda ntchito, opanda kalasi, ndi banja la eni ake pamutu. Anayesa kuwerenga chamumtima pakhonde, mawu ankangoyandama. Anabwereka chidole chophunzirira kuluka, chija cha mutu wokhawokha, n'kuchikhazika pampando. Anachifotokozera za mtima mpaka mawu kusasa, koma chidole sichifunsa, chimangokuyang'ana ngati mlamu wobwera kudzapempha. Apa m'pamene anazindikira kuti chimene chinkakhomerera zinthu m'mutu si kulankhula kokha, koma munthu wokufunsa kuti bwanji. Bambo a mapasa akangomva mawu akuti selo, tulo. Mapasa ankathawira ku mpira. Anansi akawaona akubwera ndi buku ankalowetsa ana m'nyumba. Chakudya chinasiya kulowa.

Anapita kwa aphunzitsi amene ankawathandiza Loweruka m'galaja ina, n'kuwafotokozera zonse. Aphunzitsiwo anavula magalasi n'kugwira kumutu. Anati chitsanzo cha makutu ndi chongopeputsira ana a sukulu kuti amve msanga. Pa anthu enieni khutu silimvera buku choncho, zimene zimaliumba n'zambiri, ndipo makolo omatirira amatha ndithu kubereka mwana wolendewera. Anati n'chifukwa chake pamayeso amakonda kufunsa za nsawawa, poti nsawawa zilibe maukwati.

Pobwerera ankayenda ngati waledzera. Akapita kukamuuza wowotcherera kuti aphunzitsi atero, angamve? Anafika kunyumba, anapeza bambo a mapasa atawerama pa njinga, dazi likuwala. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse za ukwati wawo, anawayang'ana khutu. Lomatirira. Anathamangira pagalasi. Awonso omatirira. Anaitana mapasa, n'kuwagwira aliyense chibwano. Makutu anayi, onse akulendewera ngati zochapa pachingwe.

Munthu anaphunzitsa msewu wonse, kunyumba kwake osayang'anako.

Tsopano anali ndi umboni, koma umboni wake unali mpeni wakuthwa konsekonse. Kuti apulumutse banja la mnzawo, anayenera kuimika lawo pamsewu, anthu aliyang'ane makutu. Anawauza bambo a mapasa zonsezi. Bambowo anapukuta manja pa ovolosi, anayang'ana anyamata awo, mphumi zotulukira kutsogolo ngati yawo yomwe, miyendo yamatewe ngati yawo yomwe.

"Amake mapasa, awa akanakhala a munthu wina ndikanakamusiyira pakhomo kalekale, ndi mbale zawo zomwe. Tiyeni."

Anapita onse anayi, msewu ukuwatsatira chapatali. Wowotcherera anakweza chigalasi chake chakuda pamphumi, n'kumvetsera nsagwada zitalimba. Kenako anati:

"Dzana buku lanu linati mwana si wanga. Lero buku lomwelo likuti ndi wanga. Mawa lidzati ndine mbuzi?"

Amake mapasa anati buku silinalakwe lokha, analakwa ndi iwo, kutenga chitsanzo cha m'kalasi n'kukachiika pamutu pa mwana wa munthu. Anatola choko cha wowotchererayo cholembera pazitsulo, n'kujambula palata bokosi la zipinda zinayi, kuonetsa mmene za bambo ndi za mayi zimakumanirana. Choko chinkagwa m'zala, ankachitola. Wowotcherera ankafunsa ngati akukhoma ndi hamala. Chifukwa chiyani ichi chimaphimba chinzake? Chophimbidwacho chimapita kuti? Nanga bwanji makutu sakutsatira bokosilo? Pena anayankha, pena anavomera kuti sakudziwa. Pomaliza anakankhira banja lawo kutsogolo. Munthuyo anayang'ana makutu a bambo, a mayi, a ana, n'kubwereranso pa mphumi zija. Anatsitsa chigalasi chake. Madzulo ake anthu anamuona akupita kwa mlamu wake atavala malaya oyera.

Amake mapasa atafika kunyumba anapeza kuti bokosi lija lakhazikika m'mutu kuposa impso. Ndipo pamene anakakamira paja m'pamene anatsegula buku. M'mawa mwake anabwereranso ku mageti, manyazi atawapinda n'kuwaika m'thumba. Anamupempha wowotcherera kuti azimufotokozera mutu umodzi patsiku, iye azingofunsa. Wowotcherera anati ali ndi ngongole ya ulemu kwa mkazi wake, osati kwa iwo, koma poti anamuchititsa manyazi pagulu, naye awazunza mpaka akhute.

Anawazunzadi. Munthu uja sakhulupirira chinthu chimene sanachigwedeze. Akanena kuti magazi amapita kumapapo, iye ankafuna kudziwa chimene chimawaletsa kubwerera. Akayamba kulakatula mawu a m'buku ankawadula, amvekere zimenezo kauzeni aphunzitsi anu, ine ndiuzeni ngati munthu. Akalephera ankayatsa makina, kuwasiya ataima pamenepo mpaka akawerenge. Masana ankayankha mapepala a mayeso akale, atatseka buku, zolakwa n'kupita nazo kugalaja. Masiku ena ankabwerera akulira kuti mutu wawo ndi dengu, nthawi yatha, bola akanakhala chete n'kumaluka mpaka zala zitagwa. Pakhomo ndiwo zinali zitayamba kusowa mafuta.

Tsiku la mayeso zala zinadzuka zitatupa kuposa kale. Wowotcherera anali atakulunga cholembera chawo ndi tepi yakuda mpaka chinanenepa ngati chogwirira cha hamala, kuti chigwirike osafinya. Woyang'anira mayeso anachitembenuza uku ndi uku, kuopa kuti mwabisika mayankho. M'chipindamo simulankhulidwa, ndiye ankangogwedeza milomo, akumva liwu lija m'mutu: chifukwa chiyani? Funso la nsawawa linabweradi. Lomaliza sanalimalize, dzanja linauma nthawi isanathe. Anatuluka, ndipo miyezi yodikira zotsatira anaonda mpaka siketi ankaimanga ndi pini.

Anakhoza. Osati mwa kuti anthu aimbe nthungululu, koma pamlingo weniweni umene sukulu ija inkafuna, ngati munthu wolowa basi chitseko chikutsekeka. Pano ali kumeneko, amakhala kutsogolo, ndipo akuti aphunzitsi amatuluka thukuta ndi mafunso awo. Zala sizinachire. Madamu sanawaitanenso. Mkazi wa wowotcherera anabwerera kunyumba kwake, koma akakumana nawo pamsewu amayang'ana kumbali, ndipo iwo samudandaula.

Mphekesera yokha ndi imene yakana kufa. Posachedwapa atabwera kutchuthi, bambo wina wovala tayi anawatsatira mpaka pampopi, khanda lili paphewa. Anayamba ndi moni wa banja lonse, kenako anatsitsa mawu, amvekere mayi, tamva kuti inu mumaona, tangoyang'anani pang'ono khutuli, sindiuza munthu.

Amake mapasa anatula chidebe.

"Bambo, ine ndikanakhala woona, Bayoloje ndikanalephera kawiri? Mwanayo ali ndi makutu awiri, onse ndi akuda. Pitani mukamusambitse."