Mkamwini amene anajambula dziko la m'gemu

Inu amene mukuona ngati zanu zatha, tamvani za Arsenio.

M'chaka cha 2003 iye anali wakabaza pa Muloza, mpaka tsiku limene lole inamugunda n'kumuthyola mwendo pawiri. Anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo, njinga itasanduka zitsulo.

Ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Marcia ku Milonde, ndipo kumeneko mkamwini amadziwika ndi khasu. Amalume ake a Marcia, a Samueli, anapirira miyezi isanu, kenako ananena poyera kuti mvula ikadzamupeza alibe chochita, abwerere kwawo. Koma kwawo kunali kuti? Makolo ake anafera kunkhondo ya ku Mozambique, iye anakulira mumsasa wa othawa.

Mnzake Eduardo, wometa tsitsi pamsika, anali atagula ku Milange kamakina ka gemu yakalekale kolumikiza ku kanema. Arsenio anayamba kuswera pamenepo.

Gemuyo inali yododometsa. Kamunthu kamayamba ndi lupanga lathabwa ndi timitima titatu. Chilombo chikakamenya, kamtima kamodzi kamazima. Kakagonjetsa zilombo kamakula mphamvu. Kakapeza nyali kapena bwato, njira imene dzulo inali yotseka imatseguka. Arsenio ankanyamula kakaseti ka gemuyo m'dzanja limodzi, n'kumadzifunsa kuti nkhalango, mapanga ndi zitseko zobisika pansi pa tchire zinakwanamo bwanji. Ndipo palibe amakuuza kolowera. Umasochera wekha.

Choipa chinali chakuti kabatire kosungira pamene wafika kanali kakufa. Magetsi akangothima, umayambiranso. Ambiri anaileka. Arsenio anatola mapepala a matumba a simenti ndi pensulo, ndipo dera lililonse looneka pagalasi ankalijambula m'kabokosi kake: mtengo apa, mwala apa, khomo lobisika apa. Timabokosi tinapitirira zana, mapu n'kudzaza khoma lonse la pometera. Anthu ankaima pakhomo kukamwa yasa, ena ochokera ku boma.

Kunyumba kunalibe wodabwa nazo.

"Bambo a Lily, mitambo yayamba kale," anatero Marcia tsiku lina, misozi ili m'maso. "Inu muli pa zidole."

Mu Okutobala bungwe la alimi a tiyi ang'onoang'ono linalengeza kuti mbande lipereka kwa okhawo amene aonetse kukula ndi malire a munda wawo. Woyeza malo anali mmodzi, ndipo banja la a Samueli linauzidwa kuti lidikire chaka chamawa.

Arsenio sanauze munthu. Anayeza kutalika kwa ndodo yake yoyendera pa tepi ya telala, n'kutsika nayo kumunda. Ankaigoneka pansi, kudumphira kutsogolo ndi mwendo umodzi, n'kuigonekanso. Ndodo makumi awiri, kabokosi kamodzi. Chulu, mtsinje, mitengo, zonse zinalowa pa pepala. Anatha masiku anayi, mwendo utatupa ngati mtondo.

A Samueli analandira pepalalo mozondotsa. Atalitembenuza anaika chala pa kachizindikiro kena n'kunena motsitsa kuti umenewo unali mpoza wobzala malemu mayi awo. Anapita nalo okha ku bungwe.

Woyeza uja anabwera ndi tepi yake kudzatsutsa. Anapeza kusiyana kwa mapazi awiri okha. Anafunsa kuti mapu otere anaphunzirira sukulu iti, Arsenio n'kuyankha kuti pometera tsitsi pa Eduardo. Bamboyo sanaseke.

A Samueli anakhosomola, osamuyang'ana Arsenio kumaso.

"Akamwini, munda wa mlongo wanga Dainess nawonso ukudikira. Mawa mulawirire kumeneko."

Chaka chimenecho Arsenio anayeza minda makumi atatu ndi umodzi, ndipo woyeza uja anamutenga kuti azigwira naye ntchito. Mpaka lero Arsenio ali ku Milonde, m'nyumba imene anamanga ndi Marcia.

Mwina nanunso mwabwezedwa poyambira kambirimbiri, ndipo anthu akuti chimene mukulimbikiracho n'chachibwana. Musafulumire kuwakhulupirira. Sungani chimene mwaphunzira ulendo uliwonse, muyambenso. Mtima wokhawo musautaye.